Odwala osalola kulakwitsa olo pang'ono: ndikaphunzire kuti kuwathandiza?

Uthenga uwu wachokera kwa nesi wina wa pa health centre ina kuno ku Blantyre, ndaufupikitsako pang'ono:

"Zikomo amayi. Ine ndimathandiza kumbali ya mental health chifukwa ndinapangako kosi ya counselling ya HIV komanso ya mhGAP (maphunziro a WHO a matenda a maganizo kwa ogwira ntchito zaumoyo wamba). Pali anthu akumabwera ndi mutu, kusowa tulo, mtima kuthamanga, tikayeza zonse zili bwinobwino, koma tikacheza ndimapeza kuti munthuyo salola kulakwitsa olo pang'ono. Wina ndi mtsikana wa Fomu 4, amawerenga mpaka 2 koloko usiku koma akapeza 80 amalira kuti walephera. Wina ndi bambo wa mu ofesi, lipoti limodzi amalibwereza mpaka tsiku lopereka kudutsa. Ndikawauza kuti apumeko, palibe munthu wangwiro, amavomera koma mwezi wamawa abweranso chimodzimodzi. Kodi alipo maphunziro a mmene tingathandizire anthu otere? Ndiyambire pati, ndipo ine nesi wamba ndingakwanitse?"

Achemwali, mtima pansi kaye, mungakwanitse ndithu. Ndipo mwayamba bwino, chifukwa mzere wa ku OPD ukatalika munthu wa mutu ndi kusowa tulo n'zosavuta kumulembera Panado n'kuitana wotsatira, koma inu munakhala pansi mpaka kumva zomwe zili kuseri kwa mutuwo. Zomwe mukuonazo ndi perfectionism. Si matenda apaokha m'mabuku omwe timapezera matenda aja, DSM-5 kapena ICD-11, koma ndi khalidwe lomwe limabisala pansi pa mavuto ambiri, kukhumudwa (depression), nkhawa, OCD (matenda obwerezabwereza zinthu chifukwa cha maganizo omangobwera munthu osawafuna), matenda a kadyedwe, mpaka maganizo ofuna kudzipha. N'chifukwa chake munthu amatha kumwa mankhwala a depression n'kupezako bwino, pakatha miyezi wabwereranso, poti chomwe chimamugwetsa sichinakhudzidwe.

Ndiyambe ndi chifukwa chomwe mawu oti "palibe munthu wangwiro" sakugwirira ntchito, poti maphunziro onse omwe ndikuuzeniwa akhazikika pamenepa. Anthu amenewa amadziwa kale kuti palibe wangwiro, mnzawo akalakwitsa ambiri amamukhululukira bwinobwino. Vuto si kufuna zinthu zapamwamba ayi, tonsefe timafuna mwana akhoze, timafuna wochita opareshoni asamale. Vuto ndi loti munthuyo kudziona kwake konse kuti ndine munthu wakumangirira pa kukhoza basi. Mu 2002 akatswiri atatu a ku Oxford, Roz Shafran, Zafra Cooper ndi Christopher Fairburn, anafotokoza mmene zimazungulirira. Munthu amadziikira lamulo louma, tinene kuti "ndisatsike 90". Akatsika amadzitukwana mumtima, ndine chitsiru, ndine wopanda pake, n'kuonjezera maola owerenga. Akakwanitsa sasangalala, amati mayesowo anali ophweka, n'kukweza lamulo lija. Nde akhoze alephere palibe kupuma. Pakatikati pamenepo mpomwe pamabadwira zomwe inu mukuziona, kubwerezabwereza ntchito, kufunsa anthu kuti "zili bwino eti?" osatopa, kuzengereza kuyamba poopa kuti sizituluka bwino, pena kungoithawiratu ntchitoyo. Bambo wa lipoti uja ku ofesi mwina amamuona ngati waulesi, pomwe iye usiku wonse sanagone. Munthu wotere mukamuuza kuti atsitseko miyezo yake, iye amamva ngati mukuti akhale munthu wachabechabe. Avomera mwaulemu, koma sangachite.

Palinso Paul Hewitt ndi Gordon Flett a ku Canada omwe mu 1991 anagawa khalidweli patatu, kudzifinya wekha, kufinya anzako kuti asalakwitse, komanso kukhulupirira kuti anthu akuyembekezera kuti usalakwitse ndipo ukangolakwitsa akutaya. Pa zaka zomwe ndagwira ntchitoyi chachitatuchi ndichomwe ndimakumana nacho kwambiri kwathu kuno, ndipo ndichonso kafukufuku amachilumikiza kwambiri ndi kutaya mtima komanso maganizo odzipha. Thomas Curran ndi Andrew Hill atasanthula mayankho a ophunzira oposa 40,000 a ku America, Canada ndi UK kuyambira 1989 mpaka 2016 anapeza kuti mtundu umenewu ndi womwe unakwera kwambiri. Koma apa tisamale, zolembedwa zambiri zinachokera kunjako, ndipo kuno presha nthawi zambiri si ya m'mutu chabe. Mtsikana amene fizi amamulipirira ndi amalume, amake anagulitsa chimanga kuti apeze ya mayeso a MANEB, abale onse akuti uyu ndi dokotala wathu, ndipo iye akudziwa kuti malo ku mayunivesite a boma ndi ochepa mapointi akangochuluka mwayi wapita, simungamuuze kuti mayeso si kanthu. Angakuoneni ngati simukudziwa moyo. Cholinga chake chokhoza timachilemekeza, chomwe timafunsana naye ndi njira yomwe akudutsayo, yogona maola atatu ndi kudzitukwana, ngati ikumufikitsadi komwe akufuna. Kawirikawiri simufikitsa, munthu wosagona sasunga zomwe wawerenga.

Tsopano za maphunziro. Ndinene mosabisa, palibe satifiketi imodzi yomwe ingakupangeni katswiri wa izi. Olo kunjako anthu amayamba aphunzira kaye CBT, chithandizo chokambirana chomwe anachikhazikitsa Aaron Beck m'ma 1960 chija, chomwe chimayang'ana kulumikizana kwa zomwe munthu akuganiza, mmene akumvera ndi zomwe akuchita, kenako za perfectionism zimabwera pamwamba pake. Counselling ya HIV inakupatsani khutu ndi kusunga chinsinsi, mhGAP ya WHO inakuphunzitsani kuzindikira depression ndi nthawi yotumiza munthu kwina, zonsezo musazipeputse. Kungoti ziwirizi zimatsamira kwambiri pa kupereka uthenga ndi malangizo, pomwe apa ntchito yaikulu ndi kufunsa mafunso n'kumulola munthu akayese yekha aone.

Ngati mukufuna pepala lenileni, ku sukulu ya St John of God ku Mzuzu amaphunzitsa psychosocial counselling komanso mental health kwa anesi ndi ma clinical officer. KUHeS konkuno, yomwe inayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ili ndi aphunzitsi a matenda a maganizo omwe amaonanso odwala ku Queens, ndipo ku University of Malawi ku Zomba kuli psychology. Imbani kapena pitani mukafunse zomwe zatsegulidwa chaka chino, ndipo funso lanu likhale lolunjika, kodi mu kosiyi muli maola angati oona odwala pali supavaiza? Mawekishopu a masiku awiri aja sindikuwanyoza, amatsegula maso, koma musanapereke ndalama zanu funsani kuti wophunzitsayo amaona odwala kapena amangophunzitsa, ngati mudzayeseza sesheni anthu akuona n'kukukonzani, ngati pali wokutsatirani mukabwerera ku ntchito, komanso ngati a Nurses and Midwives Council amaiwerengera pa mapointi a CPD, aja a maphunziro opitiriza omwe nesi amafunika kupeza ali pa ntchito. Wekishopu ya ma slide okhaokha mudzabwerako ndi notsi zokongola koma Lolemba wodwala akakhala patsogolo panu mudzapezeka mukumuuzanso kuti apumeko.

Podikira zimenezo zilipo zoti muyambe kuwerenga ndi bando yochepa. Centre for Clinical Interventions ya ku Perth ku Australia inaika pa intaneti mwaulere timabuku ta perfectionism tokhala ndi mapepala ogwiritsa ntchito ndi wodwala, Chingerezi chake n'chosavuta. Buku la akatswiri la Sarah Egan, Tracey Wade, Roz Shafran ndi Martin Antony la 2014 ndi lomwe limafotokoza sesheni ndi sesheni, ngati mungalipeze ku laibulale kapena kwa mnzanu. Buku la WHO la Problem Management Plus nalonso ndi laulere, silinena za perfectionism mwachindunji koma limaphunzitsa kayendetsedwe ka sesheni kwa munthu amene si psychologist. Beck Institute ya ku Philadelphia ili ndi makosi a pa intaneti, koma ndi a madola, nde ndi mmene forex ikuvutiramu mwina mudikire kaye. Zoti nesi wamba sangakwanitse zichotseni m'mutu, Friendship Bench ya Dixon Chibanda ku Zimbabwe inaonetsa kuti olo agogo a m'mudzi atha kupereka chithandizo chokambirana chogwira ntchito, bola aphunzitsidwe bwino ndipo akhale ndi wowayang'anira.

Nanga maphunziro abwino akusiyireni luso lanji m'manja? Loyamba ndi kujambula vutolo pa pepala limodzi ndi wodwala, osati inu kumufotokozera ayi koma kumufunsa. Lamulo lanu pa nkhani ya lipoti ndi loti chani? Mukaliphwanya mumadziuza chani? Kenako mumatani? Nanga mukalikwanitsa? Mumalemba mawu ake enieni, m'Chichewa chake chomwecho, n'kulumikiza ndi mizere mpaka aone yekha kuti chinthuchi chikungozungulira. Ndaonapo anthu akuluakulu atangoti chete kuyang'ana pepalalo kenako n'kunena kuti ndiye kuti ine olo nditatani sindingapambane. Mawu amenewo akatuluka pakamwa pa mwini wake ndiye kuti chithandizo chayamba.

Kenako timajambula bwalo n'kumupempha aligawe malinga ndi zinthu zomwe amadziyezera ngati munthu. Ambiri bwalo lonse limakhala sukulu kapena ntchito, banja ndi anzake kangokhala kachidutswa m'mphepete. Ine ndimawauza kuti mphika wawo waima pa fuwa limodzi, likangogwedezeka ndiwo zonse zili pansi, nde ntchito yathu si kuchotsa fuwalo koma kubweretsa ena awiri. Kwa mtsikana wanuyo mwina ndi kwaya yomwe anasiya, netiboli, kukacheza kwa agogo ake Loweruka. Zimaoneka zazing'ono koma timazipangira tsiku ndi nthawi, osangoti uzipumako.

Koma chenicheni chomwe chimasintha munthu ndi kuyesa. Bambo wa lipoti mumamufunsa, mutatumiza lipoti mutangoliwerenga kawiri m'malo mwa kakhumi, mukuganiza chingachitike n'chani? Anena kuti abwana apeza zolakwika, andiona wopepera, mwina ntchito itha. Mumalemba zimenezo, mumamufunsa kuti pa 100 akuzikhulupirira bwanji, n'kusankha limodzi lipoti laling'ono la mkati mwa ofesi, osati lopita kwa ma auditor, akayesere pamenepo. Sabata yamawa mumaona limodzi zomwe zinachitikadi. Nthawi zambiri palibe yemwe anaona kusiyana, pena abwana anathokoza kuti lafika msanga. Pena cholakwika chimapezekadi ndipo chimenechonso n'chothandiza, chifukwa amaona kuti anachikonza, ntchito ikadalipo, kunja kunacha ngati masiku onse. Njira ina ndi kumutuma akafunse anzake angapo omwe amawalemekeza pa ntchito kuti iwo lipoti amaliwerenga kangati asanatumize, ambiri amadabwa kumva kuti munthu amene amamusirira amangowerenga kamodzi. Mtsikana uja atha kuyesa sabata imodzi kugona 10 koloko, kuwerenga maola ochepa koma mutu uli bwino, n'kuyerekeza mmene akukumbukirira komanso ma test a m'kalasi. Izi muchite teremu ikadali kutali ndi mayeso, osati sabata ya MSCE. Ndipo sitiyesera pa zinthu zoika moyo pachiswe. Mnzanu wa zaumoyo akabwera ndi vutoli, kuwerengera dozi ya mwana kawiri si perfectionism, ndi ntchito imeneyo. Timayesera pa malipoti, kavalidwe, kukonza m'nyumba, kuyankha mauthenga.

Powerenga izi zimaoneka zophweka, pochita mpomwe pali nkhani, ndipo n'chifukwa chake ndikukakamira za supavaiza. Anthu amenewa amafunanso kukhala odwala angwiro. Homuweki yomwe mwawapatsa ya mizere itatu abwera atalemba masamba asanu, kapena sabweranso chifukwa sanaimalize ndipo akuchita manyazi kukuonani. Ena kuyesa koyamba kukavuta amati basi chithandizo chakanika, maganizo omwewo oti chinthu ndi 100 kapena ziro. Ena amakusangalatsani, zikomo anesi ndikupeza bwino, pomwe palibe chasintha. Munthu wophunzira yekha pa intaneti akafika apa amasowa chochita kapena amayamba kukangana ndi wodwala kuti amugonjetse ndi mfundo, ndipo munthu wa perfectionism pa mtsutso simungamuthe. Supavaiza ndi amene amakuuzani kuti homuweki ya masamba asanu ija musaiyamikire, muigwiritse ntchito ngati chitsanzo cha vuto lomwelo.

Sikuti aliyense CBT imamukwanira. Hewitt ndi Flett pamodzi ndi Samuel Mikail amaona kuti muzu wake uli mu ubale, mwana amene anakula akuona kuti amakondedwa akakhoza basi, kapena kwathu kuno ndinganene wamasiye wokulira kwa achibale amene anaphunzira msanga kuti kulakwitsa kungamuchotsetse pakhomo. Chithandizo chawo chimayang'ana kwambiri mmene munthuyo amakhalira ndi anthu, kuphatikizapo inu womuthandiza. Paul Gilbert wa ku UK nayenso anakonza njira yothandizira anthu odzitukwana ndi a manyazi ambiri kuti aphunzire kudzichitira chifundo. Izi mudzaziphunzire pambuyo, koma funso limodzi mutha kuyamba kulifunsa mawa, mng'ono wako atabwera ndi 80 ungamuuze mawu omwe umadziuzawo? Ambiri amagwetsa misozi pamenepa, musathamangire kuwatonthoza, apatseni mpata.

Za kutchalitchi zibweranso. Vesi ya pa Mateyu 5:48 yonena zokhala angwiro ndaimva kambirimbiri kwa odwala. Musalimbane ndi chikhulupiriro cha munthu ndipo musasanduke mlaliki, ingomufunsani ngati chiphunzitso chomwecho chilibe mbali ya chisomo ndi chikhululukiro, ndipo iye akalola, abusa kapena ashehe omvetsa zinthu atha kukuthandizani kwambiri.

Maphunziro abwino amakhudzanso inuyo. Ambiri a ife tinalowa zaumoyo chifukwa tinali okhoza m'kalasi, ndipo tinaphunzirira m'malo omwe kulakwitsa kumabwera ndi manyazi pamaso pa gulu pa ward round. Nde tikayamba therapy timafuna sesheni iliyonse ituluke bwino, wodwala akapanda kusintha timadziimba mlandu, kapena timangodikira kuti mapepala onse akwane tisanayambe olo kufunsa funso limodzi. Dziyang'aneni pamenepo. Wodwala amaphunzira zambiri poona nesi wake ataiwala kanthu n'kungoti pepani tikonze, osagwa nkhope.

Tsopano malire anu, apa ndikupempha mumvetsetse. Aliyense wa anthu amenewa mumufunse molunjika ngati anaganizapo zodzipha, kufunsa sikumupatsa maganizowo ayi. Anthu a perfectionism amabisa kwambiri, amabwera atasamba atachena akumwetulira, ndipo nthawi yoopsa ndi pamene chinthu chagwa poyera, zotsatira za mayeso zatuluka, ntchito yatha, ngongole yadziwika. Akanena kuti ali ndi dongosolo kapena anayesapo kale, asachoke yekha, itanani wachibale amene iye akumukhulupirira, mankhwala ndi zina zoopsa zichotsedwe kunyumba, ndipo atumizidwe tsiku lomwelo ku kiliniki ya matenda a maganizo ku Queens yomwe ambiri timangoti Room 6, iwo ndi omwe angaone ngati pakufunika Zomba Mental. Mtsikana akayamba kuonda, kudumpha chakudya, kudzisanzitsa kapena wasiya kusamba kumwezi, imeneyo si ya inu nokha, atumizeni. Chimodzimodzi ngati kubwerezako kwafika poti amasamba m'manja kapena kuyang'ana loko kwa maola chifukwa cha maganizo omubwerera omwe iye mwini akuona kuti alibe nzeru, imeneyo mwina ndi OCD ndipo chithandizo chake n'chosiyana. Wosiya kudya ndi kudzisamalira, womva mawu, wodalira mowa kapena chamba kuti agone, onsewo akufunika wamkulu awaone. Musaiwalenso thupi, kuchepa kwa magazi ndi chithokomiro zimathamangitsa mtima. PHQ-9 ndi SRQ-20, zikalata za mafunso oyezera depression ndi mavuto a maganizo, zilipo za Chichewa zomwe zinayesedwa konkuno, muzigwiritse ntchito poyamba komanso pakapita masabata kuti muone ngati munthu akusintha. Mapiritsi a perfectionism kulibe. Fluoxetine kapena amitriptyline ndi za depression ikapezekadi, ndipo amitriptyline munthu akamwa wambiri nthawi imodzi amapha, nde kwa amene ali ndi maganizo odzipha osamupatsa wa mwezi wonse m'manja. Mtsikanayo ngati sanakwane zaka 18 makolo kapena omulera akufunika alowemo, mutagwirizana naye kaye zomwe zinenedwe, ndipo pokamba nawo musawaimbe mlandu, nawonso akuchita zimenezo chifukwa cha mantha a umphawi.

Ndikudziwa funso lomwe latsala ndi nthawi. M'kafukufuku chithandizochi chimatenga masesheni pafupifupi 8 mpaka 10, iliyonse pafupifupi ola, zomwe pa health centre m'mawa sizingatheke. Kambiranani ndi a in-charge akupatseni masana a tsiku limodzi pa sabata mzere ukachepa, ndi kachipinda kotseka chitseko, olo mphindi 30 pa munthu zimathandiza bola zikhale za sabata ndi sabata. Yambani ndi anthu awiri okha, omwe mwawafunsa bwino ndipo alibe zoopsa ndatchulazi. Musanayambe pezani wokuyang'anirani, funsani kwa amene amayendetsa za mental health ku ofesi ya DHO kapena ku Room 6 ngati alipo psychologist, nesi kapena clinical officer wa za maganizo amene angamakumvereni kamodzi pa masabata awiri, olo pa foni. Wodwala mumuuze kuti nkhani yake muzikambirana ndi wamkulu wanu ndipo avomere, dzina lake ndi komwe amakhala zisatchulidwe, ndipo pa WhatsApp musatumizepo chithunzi cha health passport yake kapena mapepala omwe mwalemba naye.